Dzina Langa Lina Ndine Napanja

Achemwali anga, sunthirani kuno inu muli kumbuyoko kuti tionane m'maso. Aphunzitsi a Filipo andipempha kuti ndikulankhuleni musanasankhe maphunziro anu a chaka chikubwerachi. Zoti ndinene ndinazilemba m'kabuku kanga komwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, koma ndakatseka, pakuti wophunzira mawu sabisa nkhope kuseri kwa pepala.

Dzina langa laubatizo ndine Marita. Koma ndikuona ena mukutsinana pabenchipo. Mukudziwa dzina linalo. Litchuleni, sindikwiya. Eya, ndine Napanja. Dzina limeneli linandichotsa pa sukulu pano, linandimwetsa kachasu, linandigoneka mu ngalande dzuwa likuswa mtengo. Lero ndimaliyankha ndi chimwemwe. Ngati pali wina pano amene amameza mawu m'kalasi chifukwa choopa kusekedwa, amvetsere.

Ine ndinabadwira kutsidya kwa Muloza, m'dziko la Apwitikizi. Makolo anga anawoloka ndili kumsana, kuthawa chikoti, n'kudzakhala ku Limbuli. Kunyumba tinkalankhula Chilomwe. Chinyanja ndinachitola posewera ndi anzanga, Chingerezi ndinachipeza m'buku kuno ku mishoni. Mukudziwa kale mmene zimakhalira mukafika m'kalasi lapamwamba: mumasankha phunziro limodzi lalikulu, lina laling'ono lapambali. Atsikana ankasankha kusoka, kuchapa ndi kusita, kapena ntchito ya kuchipatala. Kalasi la mawu, momwe amaphunzitsa kulankhula pagulu, kumasulira ndi kulemba zomveka, linali la anyamata ofuna kudzakhala akalaliki ndi omasulira kuboma. Ine ndinati lalikulu langa likhale mawu, chipatala chikhale chapambali.

Aphunzitsi a Filipo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Iwe mtsikana, mawuwo ukapita nawo kuti? Kuboma salemba akazi."

Ndinati, "Ndikapita nawo kwa azimayi amene amaopa kulankhula pamaso pa amuna."

Anakanda m'mutu, n'kuti, "Khala pabenchi lakutsogolo ndikuone."

Ndinakhoza, achemwali, sindibisa. Anyamata aja ankandisuzumira pa sileti. Koma ndinali ndi kachilema komwe ndinkakabisa ngati chipsera. Lilime la Chilomwe silidziwa "ba", silidziwa "da", silidziwa "ga". Ife tikafuna kunena kugula, pamatuluka kukula. Mtima ukakhala m'malo ndinkalankhula bwinobwino ngati mwana wa Chimang'anja. Koma mantha akandigwira, lilime linkathawira kwawo.

Tsiku lotsekera sukulu kunabwera mbusa wachizungu wochokera ku Kabula, watsopano m'dziko muno, wosadziwa Chinyanja. Aphunzitsi anati popeza mbusayo alankhula ndi atsikana, womasulira akhale mtsikana. Tchalitchi linadzaza. Anthu anachokera ku Chonde, ku Thuchila, mpaka kumunsi kwa phiri. Alomwe anzathu obwera kumene, amene samva Chinyanja, anakhala panja pansi pa mitengo monga ankachitira Sabata lililonse, ndipo amayi anga, amene Chinyanja sanachitole, anali pakati pawo atavala nsalu yawo yatsopano.

Poyamba zinayenda. Kenaka ndinalakwitsa n'kudzutsa maso, ndipo ndinaona mitu yonse ija. Mbusa uja anati mtsikana wachikhristu asathamangire kubanja, ayambe wapempha kwa akulu a mpingo. Ine ndinakweza mawu monga tinaphunzirira, n'kunena kuti:

"Mtsikana wachikhristu asathamangire kupanja! Ayambe wapempha kwa akulu a mpingo!"

Kenaka bambo wina kumbuyo anafuula, "Nanga m'mimba mukatsegula, akulu a mpingo ali kumunda, mwanayo atani?"

Tchalitchi linagwa ndi phwete. Mbusa uja, posadziwa kanthu, anaganiza kuti anthu akondwa ndi uthenga, ndiye anawonjezera mphamvu. Anati akapitako akakhale komweko mpaka imfa. Ine, mutu utaima, ndinatsatira ngati mbuzi pachingwe: "Ndipo akapita kupanjako akakhale komweko mpaka imfa!"

Sekani, achemwali, musadzigwire pakamwa. Lero ndimaseka nanu. Koma tsikulo azimayi okalamba ankapukuta misozi, akulu a mpingo ankabisa nkhope m'zipewa. Ndipo chimene chinandibaya koposa chinachokera pansi pa mitengo paja. Amayi anga atamva phokoso anayesa kuti mwana wawo wasangalatsa anthu, ndipo anaimba nthungululu. Anthu anasekanso kawiri, akutitchula dzina lonyozera Alomwe. "Tamverani Anguru akuyamikira!"

Potuluka, Lute, mnzanga amene tinkagona mphasa imodzi m'nyumba ya atsikana, anandigwadira mwachipongwe n'kuti, "Zikomo a Napanja, kodi mwapempha kale kwa akulu a mpingo?" Dzina linamera pomwepo.

Kutsetsereka kwanga kunali kwachangu. Sukulu itatsegulidwa ndinasamukira kubenchi lakumbuyo. Aphunzitsi akafunsa funso, yankho ndinkalidziwa, koma ndinkangoyang'ana pansi. Iwo anandiitana pambali kangapo, ine kukamwa kuli gwa. Nditapita kunyumba ndinakana kuyankha amayi m'Chilomwe. Ndinawauza kuti ndiwo anandipatsa lilime lopindika. Kenaka ndinamanga kamtolo kanga, osatsanzika aliyense, n'kupita kwa azakhali pafupi ndi Chonde. Kumeneko masana ndinkapalira m'munda wa tiyi wa mzungu, pomwe kapitawo safuna mawu ako, amafuna msana wako basi. Ndikaweruka ndinkasonkhezera moto pa mphika wa azakhali, chifukwa iwo ankatcheza kachasu.

"Talawa mutuwu, mwana iwe, undiuze ngati wakola," anatero azakhali tsiku lina, akundipatsa madontho oyamba aja, ukali wake ngati moto.

Ndinalawa. Ndinapeza kuti ndikamwa, kuseka kuja kumaleka kulira m'makutu mwanga. Ndiye ndinalawa mawa lake, ndi mkuja wake. Posakhalitsa sindinkadikiranso kupatsidwa. Mtsikana amene ankawerenga Chingerezi pamaso pa azungu anafika poseteka chikho cha anthu oledzera. Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinagwera mu ngalande ya m'mbali mwa msewu, khasu n'kunditema pamwendo, ine osamva n'komwe. Ndinadzidzimuka ndi nyimbo. Ana a sukulu ya m'mudzi anali atandizungulira akuwomba m'manja: "Napanja wagona panja! Napanja wagona panja!" Ndinalibe mawu owathamangitsira, m'chinenero chilichonse mwa zitatu zija.

Bala lija linanyeka n'kusanduka chilonda. Azakhali anapirira mpaka anatopa. "Pita kuchipatala cha ku mishoni, iwe. Ukundithawitsira omwa mowa ndi fungo."

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa ndi pamene moyo wanga unakhotera.

Ndinafika m'mawa, nditadziphimba nsalu kumutu kuti wina asandizindikire. Odwala anali atandanda pakhonde. Ndinakhala kumapeto kwenikweni. Mkati munali Dona, mayi wachizungu wa kuchipatala, amene amalankhula Chinyanja cha m'buku, ndipo womuthandiza, atavala epuloni yoyera, anali Lute. Ndinakokera nsalu ija mpaka pamphuno.

Tili chikhalire, mayi wina anatulukira akuthamanga, mwana wamwamuna ali paphewa. Anadumpha mzere wonse n'kumugoneka pamapazi pa Dona. Mwanayo ankabwebweta zosamveka, maso ali tuzu, thovu kukamwa, manja akugwira zinthu zosaoneka. Mayi uja ankakuwa, akuloza pakamwa pa mwana, kenaka n'kupanga manja ngati mphika.

"Akuti chiyani?" anafunsa Dona.

Lute anati, "Sindikumva, Dona. N'Chinguru."

Pamzere paja aliyense anasanduka sing'anga. Wina anati ndi ziwanda. Wina anati amuponda ndi mankhwala. Bambo wina anati, "Awo ndi malungo okwera kumutu, ndinaonapo." Dona anagwira mwana pamphumi, anakayika, komabe anauza Lute kuti atenge botolo la kwinini.

Ine ndinali nditamva liwu lililonse. Mayi uja anali atangowoloka kumene malire. Ankanena kuti anatereka kalongonda, anawira kamodzi kokha, iye n'kupita kumtsinje kukatunga madzi ena. Mwana, ndi njala yake, anavundukula mphika n'kudya. Inu a Chimang'anja mwina simudziwa. Kalongonda ndi nyemba zathu zikuluzikulu zija, zokoma kwambiri, koma zimafuna kuphikidwa tsiku lonse, ukutaya madzi, ukuthira ena, ukutayanso. Ukazidya zisanatayidwe madzi zimazunguza mutu ngati misala, ndipo mwana wamng'ono zikhoza kumutenga.

Ndinkadziwa zonsezo, koma ndinakhalabe pansi. Mtima unkandiuza kuti: pakhonde pano pali anthu amene anali m'tchalitchi tsiku lija. Ukatsegula pakamwa atulukanso mawu opindika. Khala chete, si mwana wako. Ndinaona Lute akutsegula botolo. Mayi uja anatembenukira kwa ife tonse pamzere, akutiyang'ana mmodzimmodzi, n'kufunsa m'Chilomwe, mawu atasasa: "Kodi pano palibe munthu?"

Palibe munthu. Anthu tinali odzaza khonde, koma kwa iye panalibe munthu, chifukwa panalibe womumva.

Ndinangozindikira ndaimirira, nsalu yagwa. Ndinamuyankha m'chinenero cha amayi anga chimene ndinachikana chija: "Ndilipo, mayi. Ndakumvani." Kenaka ndinatembenukira kwa Dona, ndipo lilime linachita zake zomwe zija.

"Tona, mwanayu sakutwala malunko!"

Wina pamzere anati fwii, kuseka. Ndinamva wina akunong'ona, "Si Napanja uja?" Koma Dona sanaseke. Anandiyang'ana m'maso n'kuti, "Nenanso, pang'onopang'ono. Ndikumvetsera."

Ndinapuma, n'kunena kuti mwana wadya nyemba.

"Nyemba sizichita chotere," anatero Dona.

Pamenepo ndinakumbukira zimene aphunzitsi a Filipo ankatiuza m'kalasi, zoti womasulira sanyamula chikho chopanda kanthu, amanyamula madzi ali m'kati mwake. Liwu loti nyemba linali chikho chabe. Ndinafotokoza za kutaya madzi, za kuzunguza mutu, za mphika wowira kamodzi. Dona anabweza botolo lija pa thebulo. Anayamba kufunsa mofulumira: wadya nthawi yanji, zochuluka bwanji, wasanzako kale? Ine ndinkatembenukira uku, ndinkatembenukira uko, mawu akudutsa mwa ine ngati madzi mu ngalande yotsegulidwa. Ndinaphonya "ba" ndi "ga" kambirimbiri, koma palibe amene anasekanso. Bambo wa malungo uja ndi amene anagwira miyendo ya mwana pamene Dona ankamumwetsa mankhwala osanzitsa.

Mwana anasanza zonse. Anagona tulo tofa nato, mayi ake atamugwira chala. Dzuwa litapendeka anatsegula maso n'kunena kuti akufuna madzi. Dona anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinamasulira, ndipo khonde lonse linawomba m'manja. Sindinamasulirepo mawu okoma kuposa amenewo.

Pomaliza Lute anabwera ndi beseni kudzatsuka mwendo wanga. Anagwada osandiyang'ana. "Marita," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumva dzina langa pakamwa pake chichokereni tsiku lija, "bala ili walilekerera bwanji chonchi?"

Ndinati, "Si bala ayi. Kwathu timati pala."

Anadzutsa mutu, akuopa kuseka. Ndinayamba ndine. Tinaseka awiriwiri mpaka misozi inagwera m'beseni, ndipo sindidziwa kuti kuseka kunathera pati, kulira n'kuyambira pati.

Musaganize kuti ndinadzuka mawa lake ndili mngelo. Kukwera n'kochedwa kusiyana ndi kugwa. Choyamba, sindinabwererenso kwa azakhali. Ndinadziwa kuti ndikangomva fungo la mphika uja ndagonja. Ndinatsimphina mpaka ku Limbuli, n'kukagwada pakhomo pa amayi n'kuwapatsa moni m'Chilomwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Lilime lopindika lija walipezanso? Lowa nalo m'nyumba." Masiku oyamba thupi linkafuna mowa ngati mwana wofuna bere. Ndinkanjenjemera, ndinkakwiya ndi nkhuku zomwe. Amayi ankangondipatsa mtondo ndi chimanga. Akandiona ndikuyang'ana kumsewu wa ku Chonde ankawonjezera dengu lina. Ndinasinja chimanga cha mudzi wonse, koma ludzu lija linapita.

Mwendo utapola ndinabwera kwa aphunzitsi a Filipo. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa. Iwo anandidula. "Dona wandiuza zonse. Iwe unaganiza kuti unalephera tsiku la m'tchalitchi? Tsikulo unangophonya liwu. Unalephera tsiku limene unasamukira kubenchi lakumbuyo. Bwerera kutsogolo."

Anandiphunzitsa kuika chala pakhosi. Yesani nanunso, ikani chala apa. Nenani "panja". Poyambira pake pakhosi pali zii. Tsopano nenani "banja". Mwamva kunjenjemera ngati njuchi ili m'botolo? Ndi zokhazo basi! Kanthu kakang'ono ngati kameneko ndi kamene kanandigoneka mu ngalande. Ndinkapita kumtsinje kukachapa ndikuimba ndekha: banja, panja, bala, pala, gula, kula. Lute ankandiperekeza, ndipo ndikaphonya ankandiwaza madzi. Inenso ndinayamba kumuphunzitsa Chilomwe, ndipo ndikukuuzani, achemwali, lilime lake limapindika kuposa langa. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhonde la chipatala kumasulira odwala, kotero phunziro langa lapambali linadyetsa lalikulu lija. Ndinaphunzira kuti mantha akabwera usathamange, chedwa. Usayang'ane mitu yonse, sankha nkhope imodzi ulankhule nayo. Ndipo ukaphonya, bwereza liwulo pomwepo anthu akuona, osathawa nalo.

Tsiku lotsekera sukulu linafikanso, ndipo mbusa wa ku Kabula yemwe uja anabweranso. Aphunzitsi anandifunsa ngati ndingathe. Ndinati ndingathe, koma ndili ndi pempho limodzi: ndisaime kuguwa, ndiime pakhomo.

"Pakhomo? Ufuna pothawira pafupi?"

"Iyayi, aphunzitsi. Pansi pa mitengo paja pali anthu amene amayenda ulendo wautali kudzangomva phokoso."

Anapita kukalankhula ndi akulu a mpingo. Anavomera.

Ndinaima pakhomo, phazi lina mkati, lina kunja. Mbusa akanena, ndinkaponya mawu mkati m'Chinyanja, kenaka n'kutembenuka kuwaponya kunja m'Chilomwe. Ndisanayambe ndinapereka moni wakwathu kwa a pansi pa mitengo: "Mosheliwa?" Ndiko kuti mwadzuka bwanji. Achemwali, mukanaona! Anthu amene ankangokhala akuthamangitsa ntchentche anadzuka ngati awazidwa madzi, n'kuyankha onse pamodzi mpaka mbusa anadzidzimuka. Anayamba kusendera, kusendera, mpaka anadzaza pamakwerero. Mayi wa kalongonda uja anali patsogolo, mwana wake ali pamiyendo akudya nzimbe.

Ndiye mbusa anafika pamene aliyense ankadikira. Anati tonse, a mkati ndi a kunja, ndife a banja limodzi. Tchalitchi lonse linagwira mpweya. Ndinaona bambo wa m'mimba motsegula uja atatsegula kale pakamwa. Ndinakweza dzanja poyera, ndinaika chala pakhosi anthu onse akuona, ndinadikira pang'ono, n'kunena kuti:

"Tonse ndife a banja limodzi. Banja, bambo inu kumbuyoko. Za panja zija mupite nokha, akulu a mpingo avomera kale."

Anaseka, inde, mpaka denga linagwedezeka. Koma kuseka kwake kunali kwina, ndipo woyamba kuwomba m'manja anali bambo yemweyo. Nditatembenuka n'kunena mawu omwewo m'Chilomwe, mkulu wina wa mpingo anaimirira n'kuyamba kusuntha anthu pamabenchi. "Panikizanani, panikizanani, abale alowe." Analowa, achemwali. Ena anali asanapondemo chiyambire. Amayi anga anadutsa pafupi nane pakhomo, anaima, n'kuimba nthungululu yomwe ija. Ulendo uno akazi a mkati anailandira.

Tsono inu amene mukusankha maphunziro, sindikunena kuti nonse mutenge mawu. Kusoka n'kwabwino, chipatala n'chabwino. Koma ngati mtima wanu ukufuna kalasi la mawu, ndipo chokuletsani n'chakuti lilime lanu limanunkhira kwanu, bwerani. Litengeni likhale lalikulu, kapena likhale lapambali, koma musalisiye chifukwa cha kuseka kwa anthu. Kuseka kumatha dzuwa lisanalowe. Chete ndi amene amapha. Kukuwoloka anthu tsiku ndi tsiku pa Muloza, ndipo pakhomo paja ndimaimapo ndekha. Mawa pakhonde lina mayi wina adzafunsa ngati pali munthu.

Iwe wakhala kumapeto kwa benchiwe, amene sunatsegule pakamwa chilowereni, ndakuona ukuyesa chala pakhosi. Benchi lakutsogolo lili ndi malo. Ukafika ufunse Napanja. Aliyense akulozera pamene ndili: pakhomo.